Ozimitsa Moto a Mzinda wa London

Pa makoma a nyumba zina zakale kwambiri za mu London, pamwamba pa khomo, mpaka lero pamaoneka tizitsulo tating'ono, tina tojambulidwa nkhope ya dzuwa, tina manja awiri akugwirana chanza. Tizitsulo timeneti sanatikhomere kukongoletsa nyumba ayi. Zaka 300 zapitazo tinkasonyeza kuti mwini nyumbayo walipira inshulansi ku kampani yakutiyakuti, ndipo nyumbayo ikapsa, ozimitsa moto a kampani imeneyo ndiwo ayenera kuthamangirako. Pa nthawiyo mzinda waukulu koposa mu England unalibe gulu lakelake lozimitsa moto. Ozimitsa moto analipo, koma anali antchito a anthu amalonda, olembedwa kuti ateteze chuma cha mabwana awo. Panatenga zaka 200 chichitikireni moto waukulu wa 1666 kuti gulu limene lero likutchedwa London Fire Brigade likhale la munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Ngakhale lero, nkhani yoti ozimitsa moto ndi a yani, ndiponso aziwalipira ndani, imautsabe mapiri pachigwa.

Moto wa 1666 unabuka patangopitirira pakati pa usiku, Lamulungu pa 2 Sepitembala, m'nyumba yophikira buledi ya Thomas Farriner pa msewu wa Pudding Lane. Nyumba zambiri zinali zamatabwa, zothinana, ndipo chaka chimenecho kunali ng'amba. Mphepo yamphamvu yochokera kum'mawa inaukoleza. Njira yodalirika imene anthu ankaidziwa inali yogwetsa nyumba zoyandikana ndi moto pozikoka ndi ngowe zazitali, kuti malawi asowe polumphira. Meya wa mzindawo, Thomas Bloodworth, anazengereza kulamula zimenezi chifukwa eni nyumbazo panalibe, ndipo ankaopa kuti adzamufunsa chipukutamisozi. Pamene ankayamba kugwetsa nyumba n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Moto unayaka masiku anayi n'kupsereza nyumba 13,200, matchalitchi 87 ndi tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Unagonja mphepo itaphwa, anthu ataphulitsa mizere ya nyumba ndi onga.

Mzinda unamangidwanso ndi njerwa ndi miyala, koma boma silinakhazikitse gulu lozimitsa moto. Amene anaona mpata anali amalonda. Cha m'ma 1680 Nicholas Barbon anatsegula kampani ya inshulansi ya moto, ndipo ena anatsatira, monga Hand in Hand mu 1696 ndi Sun mu 1710. Kampani iliyonse inazindikira msanga kuti kuzimitsa moto n'kotchipa poyerekeza ndi kulipira nyumba yopsa, choncho inalemba ozimitsa moto akeake. Ambiri anali amuna opalasa mabwato pa mtsinje wa Thames, anthu amphamvu ozolowera ntchito yakalavulagaga. Ankavekedwa yunifolomu zamawangamawanga ndi baji yaikulu pamkono, kuti aliyense aone kampani imene yafika.

Pali nkhani yotchuka yoti akafika n'kupeza kuti nyumba imene ikupsayo ilibe kachitsulo ka kampani yawo, ankangoima chilili n'kumaonerera. Akatswiri a mbiri yakale amaikayikira nkhaniyi, ndipo kukayikako n'komveka. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Nyumba yopanda inshulansi ikasiyidwa kuti ipse, yotsatira inali yoyandikana nayo, imene mwina kampani yomweyo ikanalipira. Vuto lenileni linali lina: magulu ambirimbiri opikisana, opanda mtsogoleri mmodzi, nthawi zina olimbirana madzi pamaso pa moto.

Pampu ya masiku amenewo inali chibokosi cha mawilo chokhala ndi zigwiriro zazitali mbali zonse ziwiri. Amuna angapo mbali iyi, angapo mbali inayo, ankapopa mosinthana, awa akakweza awo n'kutsitsa. Ntchitoyi inkathetsa munthu mphamvu m'mphindi zochepa, choncho ankalemba aganyu pomwepo pakati pa anthu odzaonerera, malipiro ake kandalama ndi mowa. Madzi ankayenda m'mapaipi a mitengo yoboola pakati, okwiriridwa pansi pa msewu, ndipo kuti awapeze ankazula chitsekero chamtengo n'kudikira kuti madziwo adzaze dzenje.

Mwamuna wa ku Edinburgh

Kusintha kunachokera kumpoto, ku Scotland. Mu 1824 mzinda wa Edinburgh unakhazikitsa gulu lozimitsa moto lolipidwa ndi mzinda womwewo, n'kulipereka m'manja mwa mnyamata wa zaka 24, James Braidwood. Iyeyu anaphunzira za kamangidwe ka nyumba, ndipo polemba anthu ntchito anasankha amisiri: ofolera madenga, akalipentala, omanga ndi miyala, okonza mapaipi. Ankafuna anthu odziwa mmene nyumba imaimira, chifukwa wodziwa zimenezi amadziwanso mmene imagwera. Ankawachititsa mafizo m'bandakucha, misewu isanadzaze anthu.

Chachikulu chimene Braidwood anasintha chinali kaimidwe ka munthu pamaso pa moto. Asanabwere iye, ozimitsa moto ankaima mumsewu n'kumapopera madzi m'mawindo, madzi ambiri n'kumangothera pakhoma. Iye anati alowe m'nyumbamo, akwawe pansi pamene pali mpweya wabwino ndipo utsi ndi wochepa, mpaka akafike pamene moto wagwira, n'kuthira madzi pomwepo. Anatinso munthu asalowe yekha. Mfundo zimenezi zikugwirabe ntchito lero padziko lonse.

Pa 1 Januwale 1833 makampani khumi a inshulansi a mu London anaphatikiza magulu awo n'kupanga gulu limodzi, London Fire Engine Establishment, ndipo anaitana Braidwood kuti adzalitsogolere. Anali ndi amuna pafupifupi 80 okha mumzinda wa anthu oposa miliyoni ndi theka. Chaka chotsatira, pa 16 Okutobala 1834, Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster inapsa, antchito atasonkhezera mopitirira muyezo ng'anjo ziwiri zimene ankatentheramo timitengo takale towerengera msonkho. Nyumbayo inalibe inshulansi, komabe Braidwood ndi anthu ake anapitako, ndipo anapulumutsa holo yakalekale ya Westminster Hall. Zitatero makampaniwo anauza boma kuti si bwino likulu la dziko kudalira ozimitsa moto a anthu amalonda. Boma linangokhala chete.

Tisaiwale kuti ntchito ya gululi inali yopulumutsa katundu. Kupulumutsa anthu kunasiyidwa m'manja mwa bungwe lachifundo limene linakhazikitsidwa mu 1836, lomwe linkaimika makwerero a mawilo m'mphambano za misewu usiku, pali mlonda mmodzi woyembekeza mfuu. Mzinda wolemera chotere unali ndi dongosolo loteteza mabelo a thonje, koma mwana wotsekerezedwa m'chipinda chapamwamba ankadalira zopereka za anthu akufuna kwabwino.

Loweruka pa 22 Juni 1861 moto unabuka m'nyumba zosungiramo katundu za Cotton's Wharf pa msewu wa Tooley, m'mphepete mwa Thames. M'menemo munali thonje, khonje, mafuta a nyama, zokometsera zakudya ndi katundu wina wochokera kutali. Mafuta osungunuka anayenderera akuyaka mpaka pamwamba pa madzi a mtsinje. Madzulo a tsiku lomwelo khoma linagwera Braidwood pamene ankayendera anthu ake, ndipo anafera pomwepo. Motowo unatenga milungu iwiri kuti uzimiretu. Makampani analipira ndalama pafupifupi mapaundi 2 miliyoni, ndipo apa m'pamene anatukula manja, n'kuuza boma kuti iwo sangathenso kusenza mzinda wonse. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo mu 1865, ndipo pa 1 Januwale 1866 Metropolitan Fire Brigade inayamba ntchito ngati gulu la boma la mzinda. Ndalama zinkachokera ku msonkho wa nyumba, ku boma, ndi ku makampani a inshulansi aja. Chaka chotsatira makwerero opulumutsira anthu analowanso m'manja mwa gululi.

Amalinyero, akavalo ndi mabomba

Amene analowa m'malo mwa Braidwood anali Kaputeni Eyre Massey Shaw, yemwe anachokera ku Belfast. Shaw ankakonda kulemba amalinyero, anthu ozolowera zingwe, kukwera pamwamba, kugona pang'ono ndi kumvera lamulo popanda kufunsa. Ozimitsa moto ankakhala pa siteshoni pomwepo, okwatira pamodzi ndi mabanja awo, ndipo ankakhala pa ntchito usana ndi usiku. Anachulukitsa masiteshoni ndi mapampu oyendera nthunzi okokedwa ndi akavalo, n'kubweretsa zisoti zonyezimira zamkuwa. Zisotizi zinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, magetsi atafala, chifukwa mkuwa ukakhudza waya wamoyo umapha mwini chisoti. Khonsolo ya London County Council inatenga gululi mu 1889, dzina loti London Fire Brigade linakhazikika mu 1904, ndipo akavalo omaliza anapuma mu 1921. Nambala ya 999 inayamba mu London mu 1937, patapita zaka ziwiri amayi asanu atafa pa moto wa pa msewu wa Wimpole, pamene munthu woyandikana nawo anayesa kuimba foni koma anaikidwa pa mzere wodikira.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayandikira, boma linalemba anthu ongodzipereka masauzande ambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba amayi analowa ntchitoyi, ambiri olandira mafoni, oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto zonyamula mauthenga. Kuyambira pa 7 Sepitembala 1940 ndege za Germany zinaponya mabomba pa London usiku ndi usiku kwa pafupifupi miyezi iwiri. Pa 29 Disembala chaka chomwecho pakati pa mzinda panapsa koopsa, madzi a Thames ataphwa kwambiri moti mapampu ankayamwa matope. Ozimitsa moto a mu London oposa 300 anafa pa nkhondoyi.

Nkhondoyi inaulula vuto limene linabisika m'masiku a mtendere. Britain inali ndi magulu ozimitsa moto pafupifupi 1,600, lililonse ndi zida zake ndi maudindo ake. Gulu la tauni ina likabwera kudzathandiza, nthawi zina mapaipi ake sankalumikizika ndi a eni dera. Mu Ogasiti 1941 boma linawaphatikiza onse kukhala gulu limodzi la dziko lonse, ndipo mu 1948 linawabwezera ku makhonsolo akuluakulu. Dongosolo loti ozimitsa moto azikhala pansi pa khonsolo ndi lomwe timaliona kwathu kuno, kumene galimoto zozimitsa moto za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zili m'manja mwa makhonsolo a mizindayo.

Mu Januwale 1958 moto unabuka m'zipinda zoziziritsira nyama za pansi pa msika wa Smithfield. Ozimitsa moto awiri analowa atabereka masilinda a mpweya, anasokera mu utsi, ndipo mpweya unawathera asanapeze khomo. Kunja kunalibe munthu wodziwa bwino kuti walowa ndani, nthawi yanji, ndiponso watsala ndi mpweya wochuluka bwanji. Imfa zimenezi zinafulumizitsa mwambo umene ozimitsa moto a ku Britain amautsata mosaphonya. Aliyense wovala silinda amakhala ndi kachikwangwani kolembedwa dzina lake. Asanalowe amakapereka kwa mnzake amene waima pakhomo ndi bolodi. Wapakhomoyo amakalowetsa pa bolodipo, n'kulemba mpweya umene uli m'silinda, nthawi yolowera, kumene akupita ndi nthawi imene ayenera kukhala atatuluka. Iye salowa m'nyumbamo ndipo sagwira paipi, ntchito yake ndi wotchi ndi mayina basi. Nthawi ikakwana kachikwangwani kakadali pa bolodi, amatumiza gulu lina limene laima chire kukafuna anzawo. Silinda wamba imasunga munthu pafupifupi theka la ola, ndipo akamakwera masitepe atanyamula katundu imatha msanga kuposa pamenepo.

Mmene gululi likuyendera lero

Malire a masiku ano anaikidwa mu 1965, pamene London anakulitsidwa ndipo magulu a Middlesex, Croydon, East Ham, West Ham ndi zigawo za maboma oyandikana analowa m'gulu limodzi. Eni ake asintha kangapo chiyambire pamenepo. Kuyambira mu Epulo 2018 gululi limatsogoleredwa ndi Komishonala wosankhidwa ndi Meya wa London, ndipo ndalama zake, zoposa mapaundi 400 miliyoni pachaka, zimachokera ku boma ndi ku misonkho ya nyumba ndi ya malonda. Munthu amene nyumba yake yapsa salipira kanthu.

Pali masiteshoni 102 a pamtunda ndi imodzi ya pa mtsinje ku Lambeth, kumene kumakhala maboti ozimitsa moto. Dera lililonse la khonsolo mumzindawu lili ndi mkulu wake woyang'anira masiteshoni. Pa siteshoni iliyonse pali magulu anayi osinthana, lofiira, loyera, labuluu ndi lobiriwira. Gulu limagwira masiku awiri usana, awiri usiku, kenako n'kupuma anayi. Anthu a gulu limodzi amaphika pamodzi, kudya pamodzi ndi kuyeserera pamodzi kwa zaka zambiri. Mosiyana ndi madera akumidzi a Britain, kumene ozimitsa moto ambiri ali ndi ntchito zina ndipo amangoitanidwa pakagwa ngozi, a mu London onse ndi olembedwa ntchito yokhazikika.

Mafoni onse a 999 okhudza moto amafikira ku ofesi imodzi ku Merton. Kompyuta imasankha galimoto imene ili pafupi, belu n'kulira pa siteshoni. Cholinga chawo n'choti galimoto yoyamba izifika m'mphindi 6, yachiwiri m'mphindi 8. Mkulu wofika poyamba akaona kuti moto wakula amapempha pa wailesi kuti galimoto zikwane 4, kapena 6, kapena 10, ndipo nambala ikamakwera pamabweranso bwana wa udindo wokulirapo kudzatenga ulamuliro. Ozimitsa moto wamba amavala zisoti zachikasu, mabwana akuluakulu zoyera, kuti mu chipwirikiti munthu adziwe woti amumvere. Gululi limaitanidwa maulendo oposa 100,000 pachaka, koma moto weniweni sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Pafupifupi theka ndi mabelu ongolira popanda moto, ndipo otsalawo ndi ngozi za pamsewu, madzi osefukira, anthu otsekeredwa m'zikepe ndi zina zotero. Nthawi yambiri imathera pa kuyendera nyumba, kulangiza anthu ndi kuwakhomera kwaulere timabelu tomva utsi.

Zina mwa zimene zilipo lero zinabwera pambuyo pa ngozi zoopsa. Pa 18 Novembala 1987 machesi oyaka anagwera pansi pa masitepe oyenda okha, amatabwa, pa siteshoni ya sitima za pansi pa nthaka ya King's Cross. Anthu 31 anafa, mmodzi mwa iwo mkulu wa ozimitsa moto Colin Townsley. Masitepe amatabwa anachotsedwa pang'onopang'ono, ndipo mathalauza apulasitiki achikasu amene ozimitsa moto ankavala, omwe ankasungunuka ndi kutentha, analowedwa m'malo ndi zovala zosagwira moto.

Grenfell

Pa 14 Juni 2017, nthawi ili 00:54 usiku, munthu anaimba 999 kunena kuti firiji yayaka m'khitchini mwake, pa nsanjika yachinayi ya Grenfell Tower, nyumba ya khonsolo ya nsanjika 24 ku North Kensington. Ozimitsa moto anafika m'mphindi zochepa n'kuzimitsa khitchiniyo. Koma moto unali utatuluka kale pawindo n'kugwira malata okutira kunja kwa nyumbayo, amene anaikidwa pokonzanso nyumbayo chaka cham'mbuyo. Malatawo anali a aluminiyamu, pakati pake pali pulasitiki yoyaka mosavuta. Pasanathe mphindi 40 malawi anali atafika padenga.

Nyumba zazitali za ku Britain zimamangidwa moti banja lililonse likhale m'bokosi losalola moto kudutsa kwa ola limodzi. Pachifukwa ichi langizo lakale linali loti moto ukabuka kwa mnzako, iwe khala m'nyumba mwako, tseka chitseko, ozimitsa moto akupeza. Langizoli ndi labwino malinga ngati makoma akugwira ntchito yake. Usiku umenewo moto unkalowera m'mawindo kuchokera kunja, nsanjika ndi nsanjika, koma olandira mafoni anapitiriza kuuza anthu kuti akhale momwemo. Langizolo linasinthidwa nthawi ili 02:47, masitepe okhawo a nyumbayo atadzaza utsi wakuda bii. Galimoto zinafika 40. Ozimitsa moto anakwera mobwerezabwereza, ena kupitirira pamene mpweya wawo unkawalola, ena kuvula zophimba kumaso zawo kupatsa anthu amene ankawatsitsa. Anthu 72 anafa.

Kafukufuku wotsogoleredwa ndi a Martin Moore-Bick, woweruza wopuma, anayamikira kulimba mtima kwa ozimitsa moto amene analowa m'nyumbamo, koma anadzudzula gululo monga bungwe. Mabwana oyamba kufika sanaphunzitsidwepo za moto wa malata otere, kapena za mmene angatulutsire anthu onse m'nyumba yaitali. Mawailesi ankaduka. Mauthenga a anthu otsekerezedwa ankasokonekera pakati pa ofesi ya mafoni ndi amene anali pamalopo. Lipoti la mu 2019 linati chiwerengero cha akufa chikanachepa anthu akanayamba kutulutsidwa m'nyumbayo pafupifupi ola limodzi nthawi ija ya 02:47 isanakwane. Chopweteka n'chakuti chenjezo linalipo: mu 2009 anthu 6 anafa pa moto wofananako ku Lakanal House, kum'mwera kwa mzinda womwewo. Mwambo womvera lamulo, umene Shaw anauika ndipo wapulumutsa miyoyo yosawerengeka, usiku umenewo unamanga manja anthu amene ankaona ndi maso awo kuti lamulolo lasiya kugwira ntchito. Komabe kungakhale kulakwa kusenzetsa ozimitsa moto mlandu wonse. Lipoti lomaliza la mu Sepitembala 2024 linapeza kuti makampani opanga zipangizozo anachita chinyengo pa mayeso a moto, ndipo maboma otsatizana ananyalanyaza machenjezo kwa zaka zambiri. Linati imfa zonse 72 zikanapewedwa.

Mayi Dany Cotton, mzimayi woyamba kutsogolera gululi, anatula pansi udindo kumapeto kwa 2019. Gululi linagula makwerero otalika mamita 64, kuwirikiza kawiri aatali koposa amene linali nawo usiku uja, ndiponso zophimba kumutu zoteteza munthu ku utsi kwa mphindi 15 pomutsitsa m'masitepe. Mu 2022 kafukufuku wina, wa a Nazir Afzal, anapeza kuti m'masiteshoni ambiri amayi ndi anthu akuda ankanyozedwa ndi kuzunzidwa ndi anzawo a pa ntchito. Umodzi wa anthu odyera mbale imodzi uja unkasandukanso mpanda wotsekera kunja aliyense wooneka mosiyana, ngakhale kuti mmodzi mwa ozimitsa moto akuda oyambirira, Frank Bailey wa ku Guyana, analowa gulu la West Ham kalekale mu 1955.

Nkhani ya ndalama nayo sinagone. Mu Januwale 2014, a Boris Johnson ali Meya, masiteshoni 10 anatsekedwa ndipo ntchito za ozimitsa moto zoposa 500 zinathetsedwa, pa mfundo yoti moto wachepa mumzinda. N'zoona kuti moto unachepa, koma gulu lozimitsa moto limayesedwa pa tsiku loipitsitsa, osati pa tsiku wamba. Pa 19 Julayi 2022 kutentha kunapitirira madigiri 40 kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Britain. Udzu wouma unayaka m'mbali zambiri za mzinda nthawi imodzi, mafoni anaposa 2,600, ndipo m'mudzi wa Wennington kum'mawa kwa London mzere wa nyumba unapsa psiti. Linali tsiku lotanganidwa koposa chithereni nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo galimoto 39 zinangokhala m'masiteshoni chifukwa chosowa anthu oziyendetsa. Chichokereni tsikulo gululi lakhala likulemba anthu ena, kuyesa galimoto zing'onozing'ono zotha kulowa m'thengo, ndi kuphunzitsa ozimitsa moto a m'tauni mmene angalimbanirane ndi moto wolusa wa m'tchire.